Mapaipi a gasi m'ma RV akavuta, waranti imakufikitsani pati? Mafunso ndi mayankho

Ku United States ndi ku Canada kuli magalimoto ndi ngolo zokonzedwa ngati nyumba, zomwe amazitcha ma RV. Zina zili ndi injini yakeyake, zina zimachita kukokedwa monga makalavani amene ambirife tinawaonapo m'misewu ya ku South Africa. M'kati mwake muli bedi, khitchini ndi bafa, ndipo pafupifupi chilichonse chofuna moto chimadalira gasi wa propane. Mayankho ali m'munsiwa akutsata mmene zinthu zimayendera ku United States, poti ndi kumene ngolo zambirizi zimapangidwa ndipo ndi kumene waranti yake imagwira ntchito.

Ndamva fungo la gasi m'ngolo. Ndiyambe ndaimbira amene anandigulitsa?

Ayi, foni ibwera pambuyo. Zimitsani moto uliwonse, ndi ndudu yomwe, tulutsani ana ndi ziweto, siyani chitseko chili chotsegula, ndiye mukatseke valavu ya pa silinda kapena pa thanki panjapo. Musakhudze swichi iliyonse, ngakhale yozimitsira nyali, ndipo musayatse fani poganiza kuti ichotse fungolo, chifukwa kamoto kamene kamathetheka m'kati mwa swichi n'kokwanira kuyatsa gasi. Ngati mwatseka valavu koma mukumvabe kuti tsiii, kapena fungo silikuchepa, talikirani muimbire 911, nambala ya zangozi.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma ili analinunkhitsa dala. Propane payekha alibe fungo. Amamuthira mankhwala otchedwa ethyl mercaptan kuti azimveka ngati mazira owola. Ndi wolemeranso kuposa mpweya umene timapuma, pafupifupi kamodzi ndi theka, choncho sakwera kudenga ngati utsi. Amayenderera pansi ngati madzi n'kukadikha m'makabati a m'munsi, kunsi kwa bedi ndi pamasitepe a pakhomo. Akangokwana magawo awiri pa magawo 100 a mpweya wa m'chipinda amatha kuyaka, ndipo chipinda cha RV n'chaching'ono.

Gasiyu amayenda bwanji kuchoka m'silinda kufika pachitofu?

Ndi bwino kudziwa njira yake, chifukwa mukafika kwa makaniko n'kunena kuti "gasi akuvuta" basi, nayenso alemba zomwezo papepala ndipo pepala lotero silikuthandizani.

Ngolo zokokedwa nthawi zambiri zimanyamula masilinda awiri kutsogolo, a mapaundi 20 kapena 30. Ya mapaundi 20 ikufanana ndi silinda ya makilogalamu 9 imene ambiri amaphikira kunyumba. Ma RV a injini amakhala ndi thanki yomangidwira ku chesisi, yosachotseka. M'menemo propane amakhala wamadzimadzi, ndipo amadzazidwa kulekeza pa magawo 80 pa 100 kuti pakatentha akhale ndi malo ofufumira. Mphamvu yake m'silinda imapitirira 100 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu imene gasi akukankha nayo) pa tsiku lofunda, n'kumakwerabe dzuwa likaswa mtengo.

Kuchoka pa silinda gasi amadutsa m'kapaipi kafupi ka labala kotchedwa pigtail, n'kulowa mu regulator. Regulator ya RV imatsitsa mphamvu kawiri: koyamba kufika cha pa 10 psi, kachiwiri kufika pa mlingo umene amakaniko amati mainchesi 11 a madzi, womwe sukwana ngakhale theka la psi imodzi. Akatero amalowa m'paipi yaikulu yodutsa kunsi kwa ngolo, yachitsulo chakuda kapena yalabala wolimba, ndipo pamenepo pamaphuka nthambi zamkuwa kapena zalabala zopita ku chitofu, ku chotenthetsa m'nyumba, ku chotenthetsa madzi, ku firiji ngati ndi yoyendera gasi, ndi ku kachibowo kolumikizira mbaula yowotchera nyama panja. Pamfundo iliyonse pamene zitsulo ziwiri zakumana, mpata woti gasi athawe ulipo.

Ngolo yanga ndi yatsopano. Paipi ingavute bwanji isanathe ndi chaka chomwe?

Zimachitika, ndipo sizichitika kamodzikamodzi. Ma RV ambiri a ku America amapangidwa kumpoto kwa chigawo cha Indiana, ku Elkhart ndi matauni oyandikana nawo monga Goshen ndi Middlebury. Amalawi okhala ku South Bend amawaona tsiku ndi tsiku akukokedwa mumsewu, poti Elkhart ndi poyandikana nawo. Kumeneko n'kumene kuli Thor Industries, eni ake a Jayco, Keystone ndi Airstream, komanso Forest River yomwe ili m'manja mwa Berkshire Hathaway kuyambira 2005. Grand Design, ya Winnebago Industries, ilinso komweko.

Ntchito yake siili ngati ya m'fakitale ya magalimoto ang'onoang'ono momwe maloboti amachita zambiri. RV imamangidwa ndi manja, ngati nyumba, koma mothamanga. M'chaka cha 2021, anthu atathawira kutchire chifukwa cha mliri wa COVID-19, mafakitale anatulutsa ma RV oposa 600,000, chiwerengero chimene chinali chisanafikidwepo. Pa liwiro lotero nati imatha kutsala yosamangitsa, ina n'kumangidwa mopitirira mpaka kung'aluka. Wina wokhoma kabati amatha kulowetsa msomali pamene pansi pake padutsa paipi yamkuwa.

Malamulo alipo. Buku la NFPA 1192 limanena mmene mapaipi a gasi ayenera kuikidwira ndi kuyesedwa, ndipo kachidindo ka RVIA, bungwe la makampani opanga ma RV, kamene mumakaona pafupi ndi chitseko kamatanthauza kuti kampani ikulonjeza kuti yatsata bukulo. Ku Canada amatsata CSA Z240. Koma kuyesa kwa kufakitale kumachitika ngolo ili chiimire. Ikatuluka pageti imakokedwa mtunda wautali kupita kwa wogulitsa, ikugwedezeka njira yonse, ndipo paipi imene inagona pamphepete pakuthwa pa chitsulo imayamba kudyeka tsiku lomwelo.

Ndi malo ati amene amavuta kawirikawiri?

Kutsogolo ndiye koyamba. Ma pigtail amakhala padzuwa ndi pachisanu chaka chonse, ndiye labala wake amauma n'kuchita ming'alu, makamaka pamene wakumana ndi chitsulo. Regulator nayo imatopa, ndipo ili ndi kabowo kopumira koyenera kuyang'ana pansi kuti madzi ndi matope asalowe.

Kwachiwiri ndi kunsi. Yang'anani pamene paipi yadutsa pabowo la chesisi popanda kamphira kotchinjiriza, pamene yayandikira matayala kapena masipuling'i, ndi pamene ikulendewera chifukwa chomangira chinaduka kapena sichinaikidwe n'komwe. Tayala likaphulika pamsewu, zidutswa zake zimakwapula chilichonse chili pafupi, ndiye ngati munaphulitsapo tayala, gasi ayesedwe musanatsegulenso valavu.

Malo amene ine ndimawakayikira kwambiri ndi khitchini yokhala m'chipinda chotuluka m'mbali, chija amati slide-out. Nthawi iliyonse chipindacho chikatuluka ndi kubwerera, paipi yalabala imapindika n'kuwongoka. Ikakhala kuti anaiika yaifupi kapena inapanikizika, imatha msanga, ndipo ili pobisika poti simungaione osagona pansi ndi tochi.

Ndingayese ndekha?

Kuyang'ana, inde. Kukonza, ayi, makamaka waranti ikadalipo.

Sungunulani sopo wotsukira mbale m'madzi, kapena gulani mankhwala ake oyesera gasi, mupake pamfundo zonse zimene mungazifikire valavu ili yotsegula. Pamene pakutuluka gasi pamachita thovu lomakulirakulira. Sopo wokhala ndi ammonia musamugwiritse ntchito chifukwa amawononga mkuwa. Zoyesa ndi machesi, monga ena amachitira pa silinda yakukhitchini, musaziyerekeze n'komwe. Mukapeza thovu jambulani kanema pafoni, kuonetsa bwino malowo, ndiye tsekani valavu.

Sopo amangokuuzani za malo amene dzanja lafika. Kuyesa kwenikweni amachita ndi kachipangizo kotchedwa manometer. Makaniko amazimitsa zonse, amatseka silinda, amatsitsa mphamvu ya m'mapaipi kufika pa mainchesi 8 a madzi, ndiye amadikira mphindi zitatu. Muvi ukatsika, gasi akuthawa penapake, kaya mphuno ikumva kaya ayi. Amayesanso ngati regulator ikupereka mainchesi 11 zipangizo zikuyaka, ndiponso ngati sikupitirira mainchesi 14 zonse zikazima. Pemphani kuti manambala amenewa alembedwe papepala la ntchito. Mawu oti "tayang'ana, zili bwino" alibe kulemera kumene manambala ali nako mukadzayamba kukangana ndi kampani.

Alamu ya gasi imalira usiku koma makaniko akuti sanapeze kanthu. Ndikhulupirire ndani?

Alamuyo ili m'munsi pafupi ndi pansi pa chifukwa chimene tanena kale. Imalira ikamva propane, komanso imatha kulira ndi mankhwala opopera tsitsi, opopera udzudzu, otsukira pansi, ngakhale galu wogona pafupi nayo akaipitsa mpweya. Batire ya ngolo ikatsika mphamvu imaliranso, kaliridwe kosiyana pang'ono. Ndipo imakalamba: ambiri opanga amati isinthidwe pakatha zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, deti lake limalembedwa pa alamu pomwepo.

Komabe funsani makanikoyo kuti anayesa motani. Ngati anangonunkhiza n'kupaka sopo pa chitofu, sanayese. Ngati anayesa ndi manometer chipinda cha slide-out chili m'kati mokha, abwereze chili kunja, chifukwa mng'alu wina umatseguka paipi ikapindika mbali imodzi yokha. Chimene simuyenera kuchita ndi kuzula waya wa alamu kuti mugone bwino.

Nanga waranti? Paipi ya gasi ili m'gulu la zinthu zimene kampani imakonza ulere?

Ngati vutolo lachokera ku kapangidwe kapena ku chipangizo chimene chinabwera choipa, inde. Koma apa m'pamene ambiri amadabwa, chifukwa RV imodzi simakhala ndi waranti imodzi.

Kampani imene dzina lake lalembedwa m'mbali mwa ngolo imayankha za nyumbayo ndi mmene zinthu zinalumikizidwira, kuphatikizapo mapaipi a gasi. Waranti imeneyi kawirikawiri ndi ya chaka chimodzi, ngakhale ena monga Jayco akhala akupereka zaka ziwiri. Mukamva wogulitsa akutchula zaka zitatu, funsitsani, chifukwa nthawi zambiri amanena za mafupa a ngoloyo, makoma ndi denga, osati mapaipi.

Chitofu, firiji, chotenthetsa madzi ndi chotenthetsa m'nyumba zimapangidwa ndi makampani ena monga Dometic, Suburban, Norcold ndi Furrion, ndipo aliyense ali ndi waranti yake, ina yotalika kuposa ya ngolo. Ngati RV ndi ya injini, chesisi ndi ya Ford, Freightliner, Mercedes-Benz kapena Ram, nawonso ndi pepala lawo.

Ndiye taganizani gasi akutuluka pa nati imene yalumikiza paipi ndi chotenthetsa madzi. Wopanga ngolo angathe kunena kuti vuto ndi la chipangizocho, wopanga chipangizo n'kunena kuti amene anamanga natiyo ndiye analakwitsa. Mwini ngolo amatsala pakati, nyengo yoyenda ikutha. Chimene chimadula mkangano wotere ndi lipoti la makaniko lonena malo enieni ndi chimene chinachititsa, pamodzi ndi zithunzi. Chitsulo chimene chachotsedwa pemphani chisatayidwe. Kampani imatha kuchiitanitsa, ndipo ngati sinachifune, chitengeni inu.

Wogulitsa akuti ndidikire milungu ingapo. Palibe njira ina?

Ogulitsa ma RV ndi mabizinesi oima paokha, si nthambi za fakitale. Ntchito ya waranti amaichita akalandira chilolezo kuchokera ku kampani, kenako amadikira zipangizo, ndipo ndalama imene kampani imawalipira nthawi zambiri imachepa poyerekeza ndi ya kasitomala wolipira yekha. N'chifukwa chake ambiri amayamba ndi anthu amene anagula kwa iwo. Amene anapita kutali kukagula motchipa amadzaona kuti wogulitsa wa pafupi ndi kwawo sakumufulumirira.

Musangokhala pamzere. Tsiku lomwelo lemberani kampani yopanga ngoloyo, pa imelo osati pafoni pokha, mutchule nambala ya VIN (nambala yozindikiritsa ngolo yanu), deti logulira, ndi mawu omveka bwino akuti gasi akutuluka ndipo ngolo siyotetezeka kugonamo. Pemphani nambala ya dandaulo lanu. Pemphaninso chilolezo choti makaniko woyenda ndi galimoto yake, kapena galaja ina yodziwa za RV, ikonze ndipo kampani idzabweze ndalama. Makampani ambiri amalola zimenezi, koma pokhapokha chilolezo chitaperekedwa ntchito isanayambe. Mukakonzetsa kaye n'kudzatumiza lisiti pambuyo, mwawapatsa chifukwa chokanira. Dziwaninso kuti ndalama yoyendera makanikoyo kubwera kumene muli kawirikawiri imakhala yanu.

Deti limene munadandaula koyamba ndi lofunika kuposa deti limene anakonza. Ngati waranti ikutha mwezi wamawa ndipo malo kugalaja apezeka mwezi winawo, imelo ija ndiyo umboni woti vuto linanenedwa nthawi ikadalipo.

Kodi recall ndi waranti n'chimodzimodzi?

Ayi, ndipo kusiyana kwake kungakupulumutsireni ndalama zambiri. Waranti ndi lonjezo la kampani, lokhala ndi malire amene kampaniyo yadziikira. Recall, kuitanitsa katundu wachilema kuti akakonzedwe, ndi lamulo la boma. Potsata lamulo la chitetezo cha magalimoto la 1966 ndi zimene zinawonjezedwamo pambuyo pake, kampani ikazindikira kuti katundu wake ali ndi chilema choika moyo pachiswe, iyenera kuuza NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, pasanathe masiku asanu ogwira ntchito, kulembera eni ake makalata pasanathe masiku 60, ndi kukonza ulere. Ngolo zokokedwa nazo zili pansi pa lamuloli.

Recall silabadira kuti waranti inatha, kapena kuti ndinu mwini wachiwiri kapena wachitatu. Kukonza kwaulere kumakakamizidwa pa galimoto imene sinapitirire zaka 15 chigulitsidwire koyamba pa nthawi imene chilemacho chalengezedwa. Wogulitsa saloledwanso kukupatsani RV yatsopano imene recall yake sinakonzedwe, koma lamulo limeneli silikhudza zogulitsidwa kachiwiri.

Pa webusaiti ya NHTSA mungafufuze ndi nambala ya VIN, ya zilembo ndi manambala 17. Musalekere pomwepo. Si makampani onse a ngolo amene amapezeka mukafufuza ndi VIN, choncho fufuzaninso ndi chaka, dzina la kampani ndi mtundu wa ngoloyo, ndiye imbirani kampaniyo muwawerengere VIN. Pa RV ya injini fufuzani kawiri, za chesisi ndi za nyumba, ndipo musadabwe mukapeza kuti chaka cha chesisi chatsalira ndi chimodzi. Ku Canada ntchito imeneyi ili m'manja mwa Transport Canada.

Kalata ya recall imapita ku adiresi imene kampani ili nayo. Amene amasamukasamuka, kapena anagula kwa mnzake osauza kampani, kalatayo siwapeza.

Zinachitikapo kuti ma RV aitanidwe chifukwa cha gasi?

Kambirimbiri. Mu 2021 makampani angapo anaitanitsa ngolo zokhala ndi regulator ya Winntec 6020, imene inkatha kulephera n'kulola gasi wamphamvu yopitirira kufika ku zipangizo, malawi n'kukula mosayembekezeka. Cha m'nthawi yomweyo zitofu zina za Dometic za mafuwa atatu zinaitanidwa chifukwa bawuti yogwira valavu inkamangidwa mopitirira n'kuwononga kamphira kotsekera gasi. Mu 2022 kunabwera za timfundo tamkuwa tolumikizira mbaula yapanja, tomwe tinkang'aluka. M'mbuyomo, kuyambira cha m'ma 2000, mafiriji ena oyendera gasi a Dometic ndi a Norcold anaitanidwa chifukwa cha ngozi ya moto.

Mukaonetsetsa, zambiri mwa izi zinayambira pa kachipangizo kamodzi kogulidwa kwa kampani ina n'kuikidwa m'ngolo za maina osiyanasiyana. Choncho mnzanu wa ngolo ya dzina lina akalandira kalata ya regulator, kasuzumireni yanu. Ndipo vuto lanu likakonzedwa, lilembeni ndithu pa fomu ya madandaulo ya NHTSA. Ndi yaulere, ndipo madandaulo ofanana akachuluka m'pamene bungwelo limayamba kufufuza.

Ndinalipira ndekha, kenako recall inatuluka pa vuto lomwelo. Ndalama yanga yapita?

Osati nthawi zonse. Kampani imayenera kukhala ndi ndondomeko yobwezera amene anakonzetsa chilemacho kalata isanatuluke, malinga ngati anakonzetsa m'nyengo imene lamulo limatchula. Kalata ya recall imafotokoza kolembera. Adzafuna lisiti yoonetsa VIN, deti, chimene chinakonzedwa ndi umboni woti munalipira.

N'chiyani chingachititse kampani kukana?

Choyamba ndi kusintha mapaipi nokha. Ambiri amawonjezera nthambi ya mbaula kapena ya jenereta, ena amachotsa regulator n'kuika ina. Vuto likadzabuka pafupi ndi pamene munagwirapo, kampani iloza pomwepo. Lamulo la Magnuson-Moss la 1975, lokhudza mawaranti, limaletsa kampani kukukakamizani kugula zipangizo za dzina lake lokha kuti waranti ikhalebe, ndipo kusintha chinthu chimodzi sikupha waranti ya ngolo yonse. Koma ngati chimene munasinthacho ndicho chabweretsa vuto, lamulolo silikutetezani.

Chachiwiri ndi zimene amati si chilema: mwala wa pamsewu, makoswe otafuna labala, mavu omanga chisa m'kapaipi ka chotenthetsa madzi, dzimbiri la mchere umene amathira m'misewu nthawi ya chisanu. Apa pali malo okangana. Paipi imene yadyeka chifukwa inaikidwa mokhudza chesisi popanda chotchinjiriza ndi vuto la kapangidwe, ngakhale wina atalemba kuti ndi kutha wamba. Chithunzi chojambulidwa paipi isanachotsedwe ndicho chimasiyanitsa ziwirizi.

Chachitatu chimakhudza anthu amene anagula ngolo kuti apulumuke lendi. Mawaranti ambiri amanena kuti RV ndi yopitira kokasangalala, ndipo salonjeza kanthu ngati mukukhalamo chaka chonse ngati nyumba, kapena mukuibwereketsa kwa ena kuti mupeze ndalama. Makampani ena amalola kukhalamo, ena ayi. Werengani ndime imeneyo musanasaine, chifukwa wogulitsa sangakukumbutseni.

Akonza katatu koma gasi akutulukabe. Ndingabweze ngoloyo?

Anthu amathamangira ku malamulo otchedwa lemon law, amene amakakamiza kampani kubweza ndalama kapena kupereka galimoto ina ikalephera kukonza. Chigawo chilichonse chili ndi lake, ndipo ma RV sawakomera kwenikweni. M'zigawo zambiri lamulolo limakhudza injini ndi chesisi basi, mbali yokhalamo ayi, ndipo Florida ndi chitsanzo cha zimenezi. Ngolo zokokedwa, poti zilibe injini, nthawi zambiri zimatsala kunja. Mapaipi a gasi ali mbali yokhalamoyo.

Chotsala ndi Magnuson-Moss pamodzi ndi malamulo a malonda a chigawo chanu. Ubwino wa lamuloli ndi woti mukapambana, khoti lingalamule kampani kulipira loya wanu, n'chifukwa chake maloya ena amatenga milandu yotere osafuna ndalama patsogolo. Koma pepala la waranti limakhala ndi misampha yake. Ena amafuna kuti mulembere fakitale kalata n'kuipatsa mwayi womaliza wokonza musanapite kukhoti. Ena amati mlandu ukazengedwe ku Indiana, kaya inu mumakhala ku Texas. Enanso amafupikitsa nthawi yokasuma kufika miyezi yochepa waranti itatha. Choncho kukonza kwachiwiri kukalephera, onanani ndi loya wodziwa za ma RV, musadikire kachinayi. Sungani pepala la ulendo uliwonse wa kugalaja, loonetsa tsiku lolowa ndi lotuluka, chifukwa masiku amene ngolo yakhala kumeneko amawerengedwa.

Pogula anandigulitsanso "waranti yowonjezera". Imeneyo sithandiza?

Dzina lokha ndi waranti, koma ndi mgwirizano wa kukonza umene nthawi zambiri umayendetsedwa ndi kampani ina, osati fakitale. Uli ndi ndalama yoyamba kulipira inu, umafuna chilolezo ntchito isanayambe, ndipo umakonza zokhazo zimene zatchulidwa. Ena amatchula regulator ndi mavalavu koma n'kusiya mapaipi alabala. Tsegulani pa ndime ya LP gas, kutanthauza propane yemweyu, muone.

Ndikugula RV yakale. Ndiyang'ane chiyani pa za gasi?

Yambani ndi kudziwa kuti waranti ya fakitale nthawi zambiri ndi ya mwini woyamba yekha. Kumene imaloledwa kusamutsidwa pamakhala fomu ndi nthawi yake. Recall yokha ndiyo imatsata ngolo kulikonse, ndiye funsani kampani ngati pali ina yosakonzedwa, ndipo mukagula lembetsani dzina lanu.

Lipirani woyendera woima payekha, monga a satifiketi ya NRVIA, bungwe la oyendera ma RV, ayese ndi manometer musanapereke ndalama. Ngakhale pa ngolo yatsopano, tsiku lokatenga pemphani kuti ayese inu mukuona ndi kuyatsa chipangizo chilichonse. Malawi abwino ndi abuluu ndi okhazikika. Achikasu, ochita mwaye, akusonyeza kuti gasi sakupsa bwino, ndipo pamenepo pamabadwa carbon monoxide, mpweya wakupha umene ulibe fungo ngakhale pang'ono. Alamu yake ndi ina, ionetsetseni kuti ilipo ndipo sinapitirire zaka zake.

Pakhosi pa silinda pamadindidwa mwezi ndi chaka chimene inapangidwa. Ku United States silinda yonyamulika imafunika kuyesedwanso pakatha zaka 12, ku Canada zaka 10, ndipo odzaza gasi amakana yopitirira. Masilinda a mapaundi 4 mpaka 40 ayeneranso kukhala ndi valavu ya OPD yoletsa kudzaza mopitirira, imene chogwirira chake chili ndi nsonga zitatu. Thanki yomangidwira ku chesisi ilibe deti lotere, koma dzimbiri ndi zomangira zake ziyang'anidwe.

Chitofu chikuyaka mofooka nditangosintha silinda. Paipi yaboola?

Mwina ayi. M'nati yaikulu yapulasitiki imene imamangidwa pa silinda muli kavalavu kochepetsa gasi kakaona kuti akuthamanga mopitirira, ngati mmene zingakhalire paipi itaduka. Mukatsegula silinda mwamphamvu kamodzi n'kamodzi, kamaganiza kuti ngozi yachitika. Tsekani, zimitsani zonse, dikirani pang'ono, ndiye tsegulani pang'onopang'ono. Zikapitirira, kapena mukaona timafuta tikutuluka m'paipi kapena mu regulator, apo ndiye pafunika makaniko.

Ndingayende pamsewu valavu ili yotsegula kuti firiji isazime?

Eni ma RV amakangana za ichi chaka ndi chaka. Ine ndimati tsekani. Firiji yozizira bwino imasunga chakudya maola angapo ngati simukuitsegula, pamene paipi yoduka pa liwiro la msewu waukulu ilibe mwayi wachiwiri. Pothira mafuta pa filing'i siteshoni moto wonse uyenera kuzima. Pokwera sitima zowolotsa magalimoto amafuna mavalavu otseka, ndipo misewu ina yapansi, monga ya ku Baltimore, salola n'komwe masilinda aakulu a RV kudutsa.

Moto wachitika kale. Ndipite ku waranti kapena ku inshuwalansi?

Ku inshuwalansi, msanga. Waranti imalonjeza kukonza chipangizo cholakwika, ndipo pafupifupi zonse zimakana kulipira katundu wopsa, hotela kapena ulendo wosokonekera. A inshuwalansi akakulipirani amatha kukalondola ndalama zawo kwa wopanga ngati apeza kuti chilema ndicho chinayambitsa moto. Pa chifukwa chimenechi musalole kuti chigoba chitayidwe kapena kuphwasulidwa ofufuza asanachione. Tengani lipoti la ozimitsa moto, dziwitsani kampani polemba, dziwitsaninso NHTSA. Ngati wina wavulala, loya alowepo musanasaine pepala lililonse lothetsa nkhani.

Ndikufuna kutumiza RV ya ku America ku Britain kapena kummwera kwa Africa. Waranti indilondola?

Kawirikawiri imathera m'malire a United States ndi Canada, ndipo makalata a recall sadzakupezani kutsidya kwa nyanja, ndiye muzifufuza nokha pa intaneti. Zitsulo zakenso n'zosiyana. Nati ya silinda ya ku America silowa pa masilinda a kwina, makalavani a ku Britain opangidwa kuyambira cha mu 2004 amayendera mphamvu ya 30 mbar (muyezo umene amagwiritsa ntchito kumeneko) pamene mainchesi 11 aja ndi pafupifupi 27 mbar, ndipo gasi wogulitsidwa kummwera kwa Africa nthawi zambiri ndi wosakaniza propane ndi butane. Ku South Africa ntchito ya gasi imagwiridwa ndi munthu wolembetsedwa amene amapereka satifiketi yotsimikiza kuti zonse zili m'malo, ndipo a inshuwalansi amaifunsa moto ukachitika. Zolumikiza ndi kachidutswa ka hozipaipi ndi waya kuti silinda ya kuno ikwane pa regulator ya uko, zisiyeni. Pezani wodziwa ntchitoyo asinthe pigtail ndi regulator zonse, ayese ndi manometer, akulembereni manambala.